Luso la Kusiya Mpata: Phunziro la pa Wailesi ya Tikwere

Muwulutsi aliyense amaopa chinthu chimodzi kuposa kulakwitsa dzina la nduna, ndicho kuti wailesi ikhale zii. Pakangodutsa masekondi asanu popanda chomveka, womvera amayamba kugwedeza wailesi yake poganiza kuti mabatire atha kapena magetsi azima ku situdiyo. N'chifukwa chake owulutsa amazolowera kutseka kampata kalikonse, kaya ndi nyimbo, kaya ndi nthabwala yosaseketsa. Koma kuyambira mu Januwale 2008, pa MBC panayamba kumveka pulogalamu imene inkasiya mipata yotereyi mwadala, kambirimbiri, tsiku lililonse la sukulu. Munthu akaimvera ali pagolosale ankangodabwa: mawu afunsa funso, kenako zii, kenako mawu omwewo ayamikira yankho limene iye sanalimve. Ankamva theka chabe la pulogalamuyo. Theka linalo linkachitikira m'makalasi a Sitandade 1 a m'sukulu za boma zoposa 5,000, m'kamwa mwa ana amene olemba pulogalamuyo sanawaonepo.

Pulogalamuyi inali Tikwere, ndipo ine ndimaiwerengera pakati pa ntchito zaluso kwambiri zimene zinachitikapo pa nkhani ya kaphunzitsidwe kuno kwathu.

Kuti luso lake lioneke bwino, tiyambe takumbukira kalasi imene inkalowamo. Boma la Bakili Muluzi litathetsa fizi ku pulaimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Analembedwa ntchito aphunzitsi masauzande osapita ku koleji, ndipo anaphunzira uphunzitsiwo ali kale ndi choko m'manja. Pofika 2007 kunabwera silabasi yatsopano ya PCAR, yofuna kuti mwana azichita nawo zinthu, azikambirana ndi anzake m'magulu, asamangomeza zimene auzidwa. Papepala n'zabwino zedi. Nanga mayi mphunzitsi amene ali ndi ana opitirira 100 okhala pansi, mabuku osakwana, iye mwini anaphunzitsidwa ndi ndodo ndi kuloweza, magulu amenewo awayambira pati? Tikwere inabwera kudzayankha funso limeneli. Ndalama zinachokera ku USAID, akadaulo ku bungwe la Education Development Center la ku America, ndipo ntchito inkagwiridwa pamodzi ndi Unduna wa Zamaphunziro kudzera ku Malawi College of Distance Education ku Blantyre. Phunziro lililonse linali la mphindi 30. Anayamba ndi Sitandade 1, kenako m'zaka zotsatira anawonjezera Sitandade 2 ndi 3.

Njirayi si yobadwira kuno. Inayambira ku Nicaragua mu 1974, pamene akatswiri a ku Stanford University, ena mwa iwo Patrick Suppes, Barbara Searle ndi Jamesine Friend, anakhazika ntchito yawo m'tauni ya Masaya kuti ayese kuphunzitsa masamu kudzera pa wailesi. Wailesi ya sukulu inalipo kale m'mayiko ambiri, koma inkakhala ya munthu wophunzira bwino kulankhula yekha kwa theka la ola, ana n'kumasinza. Anthu a ku Masaya anatembenuza zinthu: anati wailesi isalankhule nthawi yaitali mwana asanachitepo kanthu. Ayankhe, alembe, awerenge zala, aimirire, kangapo pa mphindi iliyonse. Kuchokera kumeneko njirayi inapita ku Kenya m'zaka za m'ma 1980 kukaphunzitsa Chingerezi, inafika ku South Africa m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2000 anzathu a ku Zambia anayamba yawo yotchedwa Learning at Taonga Market, yofikira ana amene analibe malo m'sukulu za boma. Choncho Tikwere inabadwa ili ndi azikulu ake odziwika.

Tsopano tiione pafupi. Tiyerekeze kuti lero ana akuphunzira kuwonkhetsa zitatu ndi ziwiri. Wolemba phunziro, amene ali mu ofesi ku Blantyre, salemba mawu okha. Pambali pa chiganizo chilichonse chofuna yankho amalembapo nambala ya masekondi amene wailesi idzakhale chete. Nambala imeneyi ndiyo imamudyera nthawi kuposa mawuwo. Akati ana onse atchule nambala yotsatira 4, masekondi awiri kapena atatu akwana, chifukwa yankho lili kale pamilomo. Akati aike timiyala titatu pansi, pafunika nthawi yoti kadzanja kalowe m'thumba, katulutse timiyala, kawerenge, tina tigwe, katole. Akati onse aimirire, ayenera kudziwa kuti ana 100 okhala mopanikizana saimirira nthawi imodzi ngati asilikali: wina wapondedwa chala, wina akufuna kaye kope lake. Mpata ukachepa, wailesi imalankhula ana ali pakati poyankha, phokoso n'kumeza chiganizo chotsatira, ndipo kalasi yonse imataya njira. Mpata ukatalika, ana omaliza msanga amayamba kutsinana, ndipo kuwabweza kumadya mphindi ina yathunthu. Kusiyana kwa phunziro labwino ndi chisokonezo kumatha kukhala masekondi anayi okha.

Palibe amene angalote nambala zimenezi ali pampando. M'njira imeneyi phunziro limajambulidwa, n'kukayesedwa m'kalasi yeniyeni lisanawulutsidwe, wina atakhala kumbuyo ndi wotchi ndi pepala. Iye sayang'ana ngati ana akusangalala ayi. Amalemba kuti pa funso lakuti ana anamaliza wailesi ikadali chete, pa lamulo lakuti theka la kalasi linali lisanakhale pansi, mawu akutiakuti palibe anawamva. Zimenezi zimabwerera ku situdiyo, n'kudula apa, n'kutalikitsa apo. Ku Nicaragua anapitirira pamenepa: ankayesa ana pafupipafupi, ndipo akapeza kuti mutu wina sunalowe, m'malo mobwerera kukakonza phunziro lowulutsidwa kale, ankaubwezeramo mutuwo m'maphunziro amene anali asanalembedwe. Phunziro la mwezi wamawa linkalembedwa ndi zolakwa za ana a mwezi uno.

Pali vuto lina limene limandichititsa chidwi kuposa onse, ndilo lakuti wailesi ndi gonthi. Imafunsa koma siimva yankho. Ingayamikire bwanji zimene sinamve popanda kunama? Wolemba wosasamala amangoika "Mwakhoza!" pambuyo pa mpata uliwonse, ndipo mwana amene wanena kuti zitatu kuwonkhetsa ziwiri ndi zisanu ndi chimodzi amapita kwawo ali wokondwa ndi bodza. Wolemba waluso amatchula yankho lenilenilo: "Zisanu. Zitatu kuwonkhetsa ziwiri zikhala zisanu." Mwana wokhoza amamva mawu ake omwe akubwerera kuchokera m'wailesi, ndipo chimenecho n'chiyamikiro chokwanira. Wolakwa amamva choona nthawi yomweyo, cholakwacho chisanakhazikike m'mutu, komanso popanda kusekedwa ndi anzake, poti m'chigulu chija palibe anamumva. Ndiye funsolo limabweranso m'maonekedwe ena, ziwiri kuwonkhetsa zitatu, kuti wolakwa uja apeze mwayi wachiwiri pomwepo. Ife tinakula ndi nthano, ndipo tikudziwa kuti wokamba akati "padangotero" amaima kaye kudikira "tili tonse", ndipo akapanda kuyankhidwa nthanoyo siyenda. Phunziro la Tikwere linamangidwa chimodzimodzi, kungoti wokamba wake anali kutali makilomita mazanamazana, ndipo anayenera kudziwiratu kutalika kwa mpweya wa omvera ake.

Mphindi 30 zija sizinkaperekedwa ku mutu umodzi. Zinkaduladulidwa m'tizigawo ta mphindi ziwiri, zitatu kapena zinayi: pano maphatikizo a Chichewa, apo kuwerenga nambala, kenako moni wa m'Chingerezi, kenako za kusamba m'manja. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi satha kusunga maganizo pa chinthu chimodzi kwa theka la ola, makamaka ngati wachoka kwawo osalawa kanthu. Koma chifukwa chachikulu n'chakuti chinthu chophunziridwa pang'onopang'ono pamasiku ambiri chimakhalitsa kuposa chothiridwa tsiku limodzi. Lembo limene laonekera Lolemba limabweranso Lachitatu kwa mphindi imodzi, n'kudzatulukiranso sabata yamawa litabisala m'mawu ena. Kuti zimenezi zitheke, gulu lolemba limayala kaye chaka chonse patebulo, kuti lidziwe tsiku limene chinthu chilichonse chidzalowe ndi masiku amene chidzabwerezedwe. Nyimbo nazo sizinali zokometsera chabe. Zina zinali zoti ana adzuke, atambasule miyendo yochita dzanzi pa simenti. Zina zinali chizindikiro choti chigawo chatha, ndipo pakapita masabata angapo ana ankadziwa okha choti achite kungomva kayimbidwe kake, mphunzitsi asanatsegule pakamwa.

Komabe chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi mmene wailesiyi inkachitira ndi mphunzitsi. Zipangizo zambiri zamakono zimalowa m'kalasi ndi mtima woti mphunzitsi ndiye vuto, tiyeni timulambalale. Tikwere inkalankhula naye mwachindunji, ana akumva, ndiponso mwaulemu: aphunzitsi, lozani lembo limene lili pabolodi, aphunzitsi, sankhani mtsikana mmodzi wa kumbuyo ayankhe, aphunzitsi, gawani ana awiriawiri. Taonani zimene zikuchitika apa. Wailesi yavomera kuti ilibe maso, ilibe manja, sidziwa dzina la mwana aliyense, ndipo zonsezi yazisiya kwa munthu amene ali nazo. Pamaso pa ana, mphunzitsi sanachepetsedwe. Wakhala mnzake wa mawu a m'wailesi aja, amene amamupempha chithandizo.

Ndipo m'kupempha momwemo munali maphunziro a mphunzitsiyo. Mphunzitsi ukhoza kumuitanira ku malo osulira aphunzitsi a TDC kwa masiku atatu, n'kumuuza kuti azifunsanso atsikana, asamangoloza anyamata anayi akutsogolo amene amakweza manja nthawi zonse. Adzavomera, adzalandira alawansi, Lolemba adzabwerera ku chizolowezi chake. Koma akamauzidwa tsiku ndi tsiku, pa nthawi yeniyeni yochitira chinthucho, kuti tsopano mtsikana, tsopano mnyamata wa pakona, tsopano awiriawiri, dzanja lake limazolowera lokha. Pakutha pa teremu amapezeka akuchita zomwezo pa phunziro la masana, wailesi ili m'kabati ya ahedi. Magulu aja amene silabasi inkawafuna anawaona akutheka ndi maso ake, m'kalasi yake yomwe, ndi ana ake omwe.

Mphunzitsi wodziwa kugwira ntchito ndi wailesi amadziwika pulogalamu isanayambe. Usiku wake waona kale m'buku la mphunzitsi zimene zidzafunike. Mawu ndi nambala za tsikulo wazilemba kale pabolodi, zikuluzikulu, mzere uliwonse pamalo pake, chifukwa wailesi ikati lozani sidzadikira kuti afufuze choko. Ana anauzidwa dzulo kuti abwere ndi zitsekerero za mabotolo kapena timitengo khumi, zija aphunzitsi amazitcha za TALULAR. Wailesi waipukusa, watukula mlongoti, waitchera pasadakhale, ndipo waiika pamalo okwera chapakati, osati patebulo lake kutsogolo kumene akumbuyo sangamve. Pulogalamu ikayamba, iye salankhula pamwamba pa wailesi, ndipo ichi n'chovuta kwa munthu wozolowera kuti mawu ake ndiwo amadzaza chipinda. Amagwiritsa ntchito manja ndi nkhope: kukweza dzanja kuti yankhani, kulitsitsa kuti kwatha. Mpata ukafika, amadziletsa kuwayankhira ana ngakhale akuona kuti akukayika. Amayenda pakati pa mizere, maso ali pa timitengo, ndipo amaona kuti uyu waika tinayi m'malo mwa titatu, uyo akungotsegula pakamwa motsanzira anzake. Sawaimitsa pomwepo. Amawasunga mumtima, ndipo wailesi ikatsanzika, mphindi zotsatirazo zimakhala za ana amenewa. Apa m'pamene mphunzitsi amaposa makina aliwonse, ndipo pulogalamuyo inalembedwa modziwa zimenezi.

Kawailesi kenikeniko nako n'koyenera kukatchula. Sukulu zinalandira mawailesi a Freeplay, osafuna mabatire, oyendera kupukusa ndi dzanja kapena mphamvu ya dzuwa. Nzeru yopukusayi inachokera kwa Trevor Baylis wa ku Britain, amene anaiganiza mu 1991 ataonera pulogalamu ya pa TV yonena za kufala kwa Edzi mu Africa ndi kuvuta kofikitsa uthenga kwa anthu osakwanitsa kugula mabatire. Mawailesi oyamba anapangidwira ku Cape Town. Kusankha chipangizo chotere kunali nzeru. Aliyense amene anakhalapo mu komiti ya sukulu akudziwa kuti chinthu chofuna ndalama sabata iliyonse chimafa teremu yoyamba.

Zofooka zinalipo, sitingabise. Wailesi sidikira munthu: mtsinje ukadzaza ana n'kuchedwa, phunziro lapita. Mvula ikamagunda malata, ngakhale wakutsogolo samva kanthu, ndipo Tikwere inayamba mu Januwale, dzinja lili pakati. M'madera ena a m'mapiri MBC inkamveka mwa apo ndi apo. Mwana wa ku Karonga kapena ku Mangochi amene kwawo salankhula Chichewa ankafuna mpata wotalikirapo kuposa umene unayezedwa. Ndipo wailesi imayenda pa liwiro limodzi, la mwana wapakatikati, kusiya wochedwa kumbuyo ndi wachangu akuyasamula. Thandizo la ndalama za kunja litatha cha mu 2012, mawailesi owonongeka anayamba kuunjikana m'maofesi a ahedi, monga zimakhalira ndi mapulojekiti ambiri. Komabe sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, chimene chinatha kufikira mwana wa kumudzi sichinali intaneti. Boma linabwereranso ku wailesi.

Lero maso onse ali pa matabuleti, ndipo pali chifukwa chake. Mu 2013, pa sukulu ya pulaimale ya Biwi ku Lilongwe, Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anayesa pulogalamu ya masamu ya m'Chichewa yopangidwa ndi bungwe la onebillion, ana akuigwiritsa ntchito mphindi 30 patsiku kwa masabata asanu ndi atatu, ndipo anapeza kuti inawathandiza kuposa kaphunzitsidwe ka masiku onse. Mu 2019 bungwe lomwelo linagawana ndi Kitkit School mphoto yaikulu ya Global Learning XPRIZE, ya madola 10 miliyoni, pambuyo pa mayeso amene anachitikira m'midzi ya ku Tanzania. Ndipo mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayamba pulogalamu ya BEFIT m'sukulu 500 zoyambirira, ndi cholinga chofikitsa matabuleti oyendera sola kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma.

Amene anaimvetsa Tikwere akayang'ana mwana wovala mahedifoni akugunda galasi la tabuleti, amazindikira zambiri: tizigawo tating'onoting'ono, kuchita kanthu pafupipafupi, yankho lobwera nthawi yomweyo, kubwereza chinthu masiku osiyanasiyana. Tabuleti yathetsa mavuto awiri amene ankasautsa wolemba wa pa wailesi. Si gonthi, chifukwa imadziwa pamene chala chagunda. Ndipo mpata wake sayeza ndi wotchi, umatalika kufikira mwanayo atayankha. Kwa mwana wochedwa kumva, amene m'kalasi ya anthu 100 sanafunsidwepo funso lakelake chiyambire sukulu, ichi si chinthu chaching'ono. Ndikuvomereza ndi mtima wonse. Chimene ndikukayika nacho n'chakuti tabuleti ilibe chonena kwa mphunzitsi. Ana akavala mahedifoni, iye amasanduka wogawa ndi wotolera zipangizo, woyang'anira kuti zatchajidwa, ndipo theka la ola likatha amabwerera pabolodi ali chimodzimodzi mmene analili. Wailesi inkaphunzitsa anthu awiri nthawi imodzi, mwana ndi mphunzitsi wake. Tabuleti ikuphunzitsa mmodzi. Mwana amakhala ndi tabuleti mphindi zowerengeka, koma maola ena onse a tsikulo amakhala ndi munthu uja.

Ndiye pali kanthu kamodzi ka Tikwere kamene sikafuna wailesi, sola kapena wopereka thandizo la ndalama aliyense. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe wa ku America anajambula maphunziro ambirimbiri n'kuyeza nthawi imene mphunzitsi amadikira akafunsa funso. Anapeza kuti ambiri sadikira kupitirira sekondi imodzi asanaloze wina, kubwereza funso, kapena kudziyankha okha. Anapezanso kuti akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika, ndipo ana amene ankakhala duu amayamba kukweza manja. Olemba Tikwere anakakamizika kuphunzira kudikira kumeneku chifukwa sankawaona anawo. Ife amene timawaona ndi amene timawadula pakamwa.

Pempho langa likupita ku Unduna ndi ku makoleji a aphunzitsi, kuyambira ku Karonga, Kasungu, Lilongwe, Machinga mpaka Blantyre. Maphunziro a Tikwere amene anajambulidwa asasiyidwe kuti adyedwe ndi fumbi. Aikidwe pa mamemori khadi ndi m'mafoni, aperekedwe kwa ophunzira uphunzitsi asanapite ku sukulu zoyeserera, ndipo aliyense amvere phunziro limodzi ali ndi wotchi m'manja, alembe kutalika kwa mpata uliwonse ndi chimene mwana amayenera kuchita mkati mwake. Akatero, akadzijambule yekha akuphunzitsa, ayeze mipata yake, afananize.